Za Mzinda wa Lilongwe, Tsidya Lino ndi Tsidya Lija

Ana ambiri a kumudzi analimva dzina la Lilongwe, ndipo ena anaona nyumba zake zazitali pa zithunzi za m'mabuku. Koma mzinda sudziwika bwino kwa munthu wokhala m'galimoto, pakuti galimoto ithamanga, ndipo maso sapeza nthawi ya kufunsa. Wofuna kuudziwa ayende pansi, akhalenso ndi munthu wamkulu womuuza chiyambi cha nyumba iyi ndi msewu uwo. Phunziro ili linena za mnyamata wina amene anayenda ulendo wotere m'mawa umodzi wokha, kuchokera ku Kawale kufikira ku boma lakale, ndi kubwerera.

Mnyamatayo anali wa zaka khumi ndi chimodzi, ndipo kwawo kunali kumudzi wina wa ku Malingunde. Amayi ake anali oyembekezera. Anamwino a pa chipatala chaching'ono cha kwawoko anati, "Pitani ku Lilongwe mukadikire komweko, pakuti kuli madokotala." Motero anapita, natenga mnyamatayo, namsiya kwa agogo ake ku Kawale. Agogo aakazi anakagona kuchipatala kukasamala mwana wawo. Agogo aamuna, amene anali mmisiri womanga nyumba za njerwa pa unyamata wawo, anatsala pakhomo ndi mdzukulu.

M'mawa wa tsiku lachitatu amayi ake aang'ono anaphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, naliika m'bakuli, nalimanga pa nsalu. Agogo anatenga ndodo yawo, nati, "Nyamula, mdzukulu wanga, tikapereke lisanazizire." Ananyamuka dzuwa litangotuluka.

Kawale ndi malo amodzi mwa malo akale okhalako antchito a mumzinda. Pamene antchito anachuluka pa Lilongwe, Boma linapima malo, ndi kupatsa munthu kachigawo kake kuti amangepo monga mwa mphamvu zake. Chifukwa chake nyumba za ku Kawale sizifanana: ina ndi ya njerwa zootcha ndi malata, ina ya zidina, ina ili ndi timanyumba kuseri ta anthu olipira lendi. M'mabuku a Boma Kawale alembedwa Area 7, ndipo Biwi ndi Mchesi, oyandikana naye, alembedwa Area 8. Mzinda wonse unagawidwa motero ndi manambala. Koma mlendo asayese kuti manambalawo atsatana monga ana pa mzere. Area 23 ili kuno, osati kutali ndi Kawale, pamene Area 25 ili kumpoto ndithu, pa njira ya ku Kasungu. Wofuna kuchoka ku ina kupita ku inzake ayambe watenga kamba.

Atatsetsereka analowa m'Mchesi, kumene kuli amisiri a matabwa ambiri m'mbali mwa msewu. Macheka analikulira kale, ndi fungo la utuchi linadzaza ponseponse. Panja anaimika mipando, mabedi ndi zitseko, ndipo pakati pa izo panali mabokosi a maliro, aakulu ndi aang'ono. Mnyamatayo poona mabokosiwo anakumbukira amayi ake, mtima wake nugunda. Koma sananene kanthu. Agogo anaona nkhope yake, namgwira pa phewa, nayamba kumfunsa mayina a matabwa: ili ndi la mlombwa, ili la bulugama, ili la paini wa ku Chikangawa, anachita chotero kufikira atapitirira.

Posakhalitsa anafika pa chipata cha chipatala cha Bwaila, chimene chili kufupi ndi msika waukulu. Panali anthu ambiri onyamula mabakuli ndi madengu, onse kudikira. Mlonda anati ana saloledwa kulowa m'nyumba ya amayi. Ndipo lamulo limenelo ndi labwino, pakuti liteteza makanda ku chifuwa ndi nthenda zina. Agogo aakazi anatuluka, nalandira phala, nanong'onezana ndi amuna awo, kenaka anati, "Nthawi siinakwane. Mubwerenso dzuwa likafika paliwombo." Mnyamatayo anafunsa, "Agogo, kodi amayi ali bwanji?" Iwo anangoti, "Alipo," nabwerera msanga. Pamenepo misozi inalengeza m'maso mwake. Agogo aamuna anaona kuti kukhala pa chipata kufikira masana kudzamlemera mwanayo, nati, "Tiye ndikakuonetse madzi a kwanu."

Pochoka anamva mnyamata woitanira anthu m'minibasi alikufuula kuti, "Bottom! Bottom!" ndipo mdzukulu anafunsa tanthauzo lake. M'masiku a ulamuliro wa Azungu panali zipatala ziwiri pa Lilongwe. Cha Azungu chinali kutsidya, kumtunda, ndipo chinatchedwa Top Hospital, ndiko kunena chipatala chapamwamba. Cha anthu akuda chinali chino, natchedwa Bottom Hospital, chipatala chapansi. Mayina awa ananena za chitunda ndi chigwa, koma ananenanso za anthu, ndipo panalibe amene sanamve tanthauzo lachiwirilo. M'chaka cha 1977 chinatsegulidwa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, cholandira munthu wa khungu lililonse. Chipatala chakalechi chinatsala, ndipo pambuyo pake anachipatsa dzina la Bwaila, limene eni dziko anatchula malo awa Azungu asanafike. Nyumba yatsopano ya amayi oyembekezera inatsegulidwa pamenepa m'chaka cha 2009. Koma dzina lozolowereka silichoka msanga pakamwa pa anthu.

Anadzera mu msika wa pa msewu wa Malangalanga, pafupi ndi depoti ya mabasi. Mnyamatayo anagwiritsa chala cha agogo ake, pakuti anali asanaonepo khamu lotere, ngakhale pa maliro a mfumu. Poyamba anangomva phokoso: osula ndowa ndi mbaula analikumenya malata, akabaza analikuliza mabelu, ndi amalonda analikuitana wina aliyense. Koma maso atazolowera anayamba kuzindikira zinthu. Anaona usipa ndi utaka wa ku nyanja, mbatata ya kachewere ya ku Dedza ndi Ntcheu, mtedza wa ku Mchinji, mpunga wa ku Karonga, nyemba, khobwe, mfutso, nkhuku m'zitete, malichero ndi mphasa. Anadabwa, nati, "Agogo, zonsezi nza kumudzi!" Agogo anati, "Wanena zoona. Kodi unayesa kuti anthu a mumzinda adya njerwa?"

Kuseri kwa msika kuli misewu ya masitolo a Amwenye. Amalonda amenewa anayamba kufika pa Lilongwe cha m'ma 1905, boma litangokhazikika. Sitolo ya Mmwenye inali ndi khonde patsogolo, pokhala telala ndi makina ake, ndipo banja la mwini wake linagona kuseri kwa sitolo yomweyo. Kumeneko makolo anagula mchere, makasu, singano, mikanda ndi nsalu ya biriwita, atagulitsa chimanga kapena fodya wawo. Kale masitolo otere analiponso m'midzi yambiri ya kutali. Koma m'zaka za m'ma 1970 Boma la Dr Banda linalamula kuti Amwenye achite malonda m'mizinda inayi yokha, ndiyo Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo ambiri anasamukira m'misewu yomwe ino. Pa msewu waukulu wotsikira kumtsinje pali mzikiti waukulu, wa nsanja zooneka kutali, kumene Asilamu, Amwenye ndi Amalawi pamodzi, asonkhana kupemphera, makamaka tsiku Lachisanu. Mnyamatayo anafuna kusuzumira. Agogo anamuuza kuti wolowa m'menemo ayamba wavula nsapato, ndipo mwana wa mpingo wina ayenera kupita pa nyumba ya mapemphero a anzake mwaulemu, osaloza chala.

Tsono anafika pa mlatho. Agogo anaima, natsamira chitsulo, naloza pansi ndi ndodo, nati, "Uwadziwa madzi awa?" Mnyamatayo anapukusa mutu. "Ndi omwe aja usamba kwanu." Mtsinje wa Lilongwe uchokera m'mapiri a Dzalanyama, kumalire a dziko la Mozambique. Pofika ku Malingunde utsekedwa ndi madamu awiri, loyamba lomangidwa m'chaka cha 1966 ndi lachiwiri mu 1989, ndipo madzi otuluka m'mipopi ya ku Kawale achokera komweko. Utadutsa pakati pa mzinda ulandira mtsinje wa Lingadzi, nutsikira ku chigwa cha Salima, kumene ukomana ndi Linthipe, ndipo madzi ake athera m'nyanja ya Malawi. Mtsinje ndiwo mwini dzina, mzinda unangobwereka.

Mnyamatayo anayang'anitsitsa, koma sanakondwere. Kwawo madziwo anali oti munthu aone mchenga pansi. Apa anali obiriwira, ndi mapepala a pulasitiki anakoleka m'mabango monga nsanza. Ichi ndi chinthu cha manyazi, ndipo sichibisika: anthu a mumzinda amwa mtsinje kumtunda, nautayira zinyalala kumunsi, osakumbukira kuti kumunsiko kulinso midzi. Ena akumba mchenga m'magombe, ena amanga nyumba m'njira ya madzi. M'mwezi wa December 2017 mvula yaikulu inadzaza timitsinje ta mbali ino, madzi nalowa m'nyumba za ku Kawale, Biwi ndi Mchesi. Makoma ambiri anagwa, ndipo anthu ena anafa.

Asanaoloke, agogo anamtembenuza kuti ayang'ane kumbuyo, kenaka kutsogolo. Kumbuyo kunali msika, masitolo, fumbi ndi khamu; kutsogolo kunali chitunda cha mitengo yaikulu ndi misewu yotakata. Kusiyana uku sikunadze mwangozi. Amene anapima mzinda poyamba anaika mtsinje kukhala malire: tsidya la kumadzulo, pamtunda popita mphepo, panakhala maofesi a Boma ndi nyumba za Azungu, tsidya la kum'mawa linasiyidwa kwa Amwenye ndi anthu akuda. M'mawa uliwonse ophika, ochapa, olima maluwa ndi amesenjala anaoloka kupita kumadzulo, ndipo madzulo anaolokanso kubwerera. Lero palibe lamulo loletsa munthu kukhala tsidya limene afuna, koma nyumba ndi misewu zikali kusunga maonekedwe a masiku aja.

Ataoloka anakwera chitunda pang'ono, nafika pa mphambano pamene pali holo ya mzinda. Ndipo kufupi ndi pamenepo kuli maofesi a Bwana Disi, apolisi ndi bwalo la milandu. Apa ndipo pa boma lakale. Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891, ndipo likulu lawo linali ku Zomba. Boma la Lilongwe linayamba mu 1902, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo pofika 1904 linakhala poyang'anira chigawo chonse chozungulira. Ufumu wa Njewa ulipo kufikira lero, kumadzulo kwa mzinda. Liwu lakuti boma linachokera ku Chiswahili, ndipo tanthauzo lake loyamba ndilo linga, kapena mpanda wotchinga adani ndi zilombo. Popeza Mzungu woweruza anakhala m'kati mwa mpanda wotere, anthu anati, "Ndipita ku boma". Ndipo m'kupita kwa nthawi liwulo linakula, kufikira linatanthauza ulamuliro wonse wa dziko.

Makolo sanabwere ku boma kudzacheza. Anabwera ndi milandu, kapena kudzatenga chitupa cha ulendo, koma makamaka anabwera ndi msonkho. Mwini nyumba aliyense anayenera kupereka msonkho chaka ndi chaka, ndipo wosowa ndalama anakagwira ntchito ku minda ya Azungu, kapena kunyamula mtengatenga ndi machila, kapena kutsika ku migodi ya ku Rhodesia ndi ya ku Joni. Amuna ambiri amene anachoka chifukwa cha msonkho sanabwerenso, nasanduka matchona.

Agogo sanakhalitse pa nkhani ya msonkho, pakuti maso awo anali pa makoma. Anafika pa nyumba ina yakale, nasisita khoma ndi dzanja monga munthu asisita ng'ombe yake, nati, "Taona kuno, mdzukulu wanga. Mzere uwu njerwa zagona m'litali. Mzere wapamwamba pake zaonetsa mitu. Kumanga kotero kumangiriza khoma, kuti lisang'ambike pakati." Anamuonetsanso kuchindikala kwa khomalo, kumene kusunga kuzizira m'nyumba m'mwezi wa October, ndi khonde lalitali, loletsa mvula kumenya njerwa, ndi maziko okwera, oti chinyontho chisalowe ndi chiswe chioneke msanga. M'masiku aja simenti inali yosowa, pakuti inachokera kutali. Amisiri anamanga ndi dothi ndi laimu, ndipo nyumba zina zotere zaima zaka zambiri kuposa zina zatsopano. Njerwazo sizinachokere ku Ulaya. Anaumba ndi anthu a m'midzi yomwe ino: anakumba dothi, naliponda ndi mapazi, nalithira m'chikombole, nayanika njerwa pa dzuwa zofunditsa udzu, naziunjika uvuni, nasonkheza moto usana ndi usiku. Mnyamatayo anafunsa, "Nanga mayina awo analembedwa pati?" Agogo anaseka pang'ono, nati, "Womanga salembedwa. Koma funafuna bwino, kapena udzapeza chala chake pa njerwa." Mnyamatayo anafunafuna, napeza njerwa ina ya tizenje tiwiri m'mbali mwake, anaikamo zala zake, ndipo zinakwana.

Boma lokha silikadakulitsa Lilongwe, pakuti maboma ena a masiku omwewo anatsala aang'ono kufikira lero. Chimene chinaukulitsa ndi nthaka yofiira ya m'chigawo chino, ndi fodya. M'chaka cha 1920 Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace, anatsegula munda ku Mbabzi, kumadzulo kwa boma. Iwo anagawira anthu a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa, uja aumitsa ndi utsi m'mabalani, nawaphunzitsa kasamalidwe kake, nagula masamba ake. M'zaka zowerengeka alimi a fodya anafika zikwi zambiri. Mu 1926 Boma linaika bungwe la Native Tobacco Board kuyang'anira ulimiwo ndi misika yake, ndipo mu 1930 kampani ya Imperial Tobacco inatsegula nyumba yake ya fodya pa Lilongwe. Alimi anadandaula kawirikawiri kuti mtengo unali wochepa poyerekeza ndi thukuta lawo, ndipo dandaulo limenelo silinathe ngakhale pamene okushoni ya ku Kanengo inatsegulidwa mu 1979. Komabe ndalama za fodya ndizo zinadzaza masitolo a tsidya lija, ndi kuitana malole. Misewu inayi inakomana pano: wa ku Dedza ndi Zomba, wa ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, wa ku Kasungu, ndi wa ku Salima, kumene njanji inafika mu 1935. Motero mu 1947 Lilongwe anawerengedwa tauni.

Kuchokera pa boma anatsata msewu wa Glyn Jones. Dzina ili ndi la Bwanamkubwa wotsiriza wa Nyasaland, amene analamulira kuyambira 1961 kufikira dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964, nakhalabe woimira Mfumukazi ya ku England kufikira 1966. Pa msewuwo pali tchalitchi cha St Peter's cha mpingo wa Anglican. Nkoyenera kudziwa kuti mishoni zoyamba za chigawo chino sizinamangidwe pa boma, koma pakati pa midzi: Mvera mu 1889, Nkhoma mu 1896, Likuni mu 1903. Chotero ana a kumudzi anayamba kuwerenga tauni isanakhaleko, ndipo makalaliki oyamba a m'maofesi ndi m'masitolo anatuluka m'sukulu za udzu.

Pafupi ndi tchalitchicho pali bwalo la gofu, la kapinga wometa bwino ndi mitengo ya mthunzi. Agogo anaima pa mpanda nthawi yaitali. Ali mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wawoyo, anabwera kuno Loweruka kudzanyamulira Azungu matumba a ndodo za gofu, nalandira tiki kapena sikisi. Ndipo mpira ukatayika m'udzu, anaufuna ndi mapazi. "Tinadziwa dzenje lililonse la bwalo ili," anatero, "koma m'nyumba ya kalabu sitinalowemo."

Pamenepo mnyamatayo anafunsa, "Agogo, nanga nyumba zazitali za m'buku lathu zili kuti?" Agogo analoza kumpoto, nati zili kutali, ndipo miyendo yawo siikadafikako tsiku limenelo. Kumeneko ndiko ku mzinda watsopano. Dziko litalandira ufulu, Dr Hastings Kamuzu Banda anafuna kuchotsa likulu ku Zomba, ndipo mu 1965 kunatsimikizika kuti lidzakhala ku Lilongwe. Chifukwa chimene ananena ndi chakuti Zomba ali kum'mwera, wopanikizika pansi pa phiri, pamene Lilongwe ali pakati pa dziko, pa chidikha chotakasuka, ndipo chuma chidzafalikira ku chigawo cha pakati ndi cha kumpoto. Ena ananong'ona kuti anakonda chigawo cha kwawo, pakuti iye anali wa ku Kasungu. Angerezi anakana kupereka ndalama za ntchitoyi. Amene anakongoza ndi Boma la South Africa, limene masiku amenewo linali kuzunza anthu akuda ndi malamulo a tsankho. Ndipo maiko ambiri a mu Africa anaipidwa ndi ngongole imeneyo. Mu 1968 linakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation kuti limange mzinda, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Maofesi a nduna ali pa chitunda cha Capital Hill. Kufupi kwake kuli chiliza cha Dr Banda, chotsegulidwa mu 2006, ndi Nyumba ya Malamulo, imene Boma la China linamanga, yotsegulidwa mu 2010. Pa kalembera wa 1966 mumzinda munali anthu osafika 20,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 989,318.

Agogo anakhala pansi pa mtengo, napumula, nati, "Ine ndinabadwira komweko." Malo a mzinda watsopano sanali thengo lopanda eni, munali midzi, minda, madambo ndi manda. Pamene opima anafika ndi zikhomo zawo, midzi yambiri inasamutsidwa. Eni ake analandira chipepeso cha nyumba ndi mitengo ya zipatso. Ena anatsata mafumu awo ku malo atsopano, ena anatsala kufuna ntchito. Agogo anali mmodzi wa otsalawo. Anaphunzira kugwira chipande ndi chingwe, namanga makoma a maofesi pafupi ndi pamene anaweta mbuzi za atate awo. Sananene ngati anakondwa kapena anamva chisoni; anangoti mtengo wa mkuyu umene unali pa bwalo la mudzi wawo anaufuna kawiri, osaupeza.

Antchito onga iwo anapatsidwa malo m'mbali mwa mzinda, monga ku Area 23 ndi Area 25, kutali ndi maofesi amene anamanga. Ndipo popeza anthu anadza ambiri kuposa malo opimidwa, kunaphuka Chinsapo kumadzulo, pa njira ya ku Likuni, ndi Mgona kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo, kumene nyumba zithithikana popanda misewu yokonzeka. Kumeneko anthu adzuka kusanache, nayenda pansi kapena pa njinga ulendo wautali kupita ku ntchito, monga aja anaoloka mlatho kale.

Dzuwa linali litakwera ndithu. Mnyamatayo anayang'ana chithunzithunzi chake, naona kuti chafupika, nati, "Agogo, tiyeni." Pobwerera sanadzere pa mlatho waukulu. Anatsikira kumunsi, pakati pa misika ya Tsoka ndi Lizulu, kumene anyamata anamanga timilatho ta mitengo ndi matabwa, nakhala pa mapeto pake kulandira ndalama yaing'ono kwa aliyense wooloka. Madzi akasefukira timilathoto tikokoloka, ndipo eni ake atimanganso. Kamlatho kanagwedezeka, madzi naoneka m'mipata ya matabwa. Agogo anayenda pang'onopang'ono, ndipo tsopano anali mdzukulu amene anagwira dzanja lawo ndi kutsogolera.

Pa chipata cha chipatala anapeza agogo aakazi ataima kale, bakuli lopanda kanthu lili m'manja. Powaona patali anaimba nthungululu, osasamala khamu. Mnyamatayo anathamanga. "Amayi ako achira," anatero, "wabadwa mlongo wako." Iye anaima kakasi, kenaka anaseka, napukuta m'maso ndi malaya. Sanaloledwe kulowa, anamuuza kuti adzaona mwanayo akatuluka. Anafunsa, "Ndikabwerera ku sukulu, kodi ndikanene kuti mlongo wanga anabadwira ku Bottom?" Agogo aamuna anati, "Ukanene kuti ku Bwaila."

Ananyamula bakuli, nabwerera ku Kawale njira yomwe ija. Pofika m'Mchesi mnyamatayo anaima pa mmisiri wina, nafunsa mtengo wa kampando kakang'ono ka mlombwa.